Makapisozi a Achimwene

Malindi,
19 Novembala 1990

Okondedwa achimwene a Bonface,

Landirani moni wa ine mlongo wanu Elina. Kaya inu mwadzuka bwanji ku Limbe kumeneko? Ife kuno tili bwino, kungoti amayi bondo lija likuwavutabe.

Kodi ku Limbe mapepala anatha, kapena cholembera chinakulemerani? Chichokereni mu Ogasiti muja simunalembe, ndipo amayi andituma kupositi mpaka nsapato zanga zadyeka chidendene. Akuti ndikuuzeni kuti pa Khirisimasi musalephere. Mbuzi yanu akuinenepetsa ndi madeya, ndipo aliyense wodutsa pakhomo amamuonetsa. Mukuwadziwa amayi anu akayamba za inu. Amatambasula manja kuonetsa kukula kwa mimba yanu, ati, "Mwana wanga ndi kalaliki wa kuholoselo, akakhala pampando mpandowo umalira." Azimayi anzawo amangoti zikomo, nsanje ili tho.

Akazi anu, alamu anga a Joaquina, ali bwino pamodzi ndi mwana wanu Mayankho, amene wayamba kuthamangitsa abakha a eni. Chichewa chawo chawongoka, moti ndikawaseka amandibwezera. Ena pano sanasiyebe kuwatchula kuti wothawa nkhondo uja, ngati kuti dzina alibe, koma pantchito palibe angawanyoze. Usipa wathu ukauma bwino pathandala ndi manja awo. Amalume awo a Nelson anadutsa mwezi watha kuchokera kumsasa wa othawa nkhondo kufupi ndi Chiponde. Akuti anthu akulowabe kuchokera ku Mozambiki, ana miyendo ili yotupa ndi njala. Amayi awaitana kuti adzadye nafe mbuziyo.

Pobwera musaiwale shuga ndi sopo. Ine nsalu sindikupempha, ndangoitchula.

Ndine mlongo wanu,
Elina


Limbe,
3 Disembala 1990

Wokondedwa Elina,

Kalata yako ndalandira ndipo ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino. Ine ndinadwala pang'ono mu Seputembala koma tsopano ndili bwino. Si nkhani yoti amayi ade nayo nkhawa.

Ndibwera pa 23. Uwauze amayi kuti asavutike ndi mbuzi chifukwa cha ine. Nsomba yowiritsa ndi masamba zindikwanira. Shuga ndi sopo ndamva. Nsalu sindinamve.

Moni kwa amayi, kwa mayi a Mayankho ndi mwanayo.

Ndine,
Bonface


Malindi,
6 Januwale 1991

Achimwene,

Moni. Ndikhulupirira munafika bwino. Kalata iyi sindiwawerengera amayi ndisanatumize monga ndimachitira, chifukwa ndikufuna ndikufunseni mosapsatira.

Mukudwala chiyani?

Mutatsika basi tsiku lija amayi anakudutsani osakuzindikirani. Lamba munachita kuboola bowo lina, kolala ya shati ikungozungulira m'khosi. Mbuzi imene anaisamala chaka chonse munangoiyang'ana, nkupempha chambo chowiritsa chopanda ndi dontho la mafuta lomwe, ngati munthu wogonekedwa m'chipatala. A Nelson anadya mwaulemu, inu mukutafuna nkhwani. Amayi analowa m'nyumba kukalira, inu simunaone.

Ndiye m'mawa mwake ndinakuonani kuseri kwa bafa mukumeza makapisozi achikasu, aakuluakulu, onyezimira ngati maso a nsomba. Mutamva mapazi anga munabisa botolo m'thumba la jekete. Munthu wakumwa mankhwala a malungo sabisala kuseri kwa bafa, achimwene.

Mtima unandiwawa ndipo ndinasowa womuuza. Ndinangomuuza Keti yekha, mnzanga wa kukwaya, kuti andithandize maganizo. Pakamwa pa Keti mukupadziwa. Pofika Chaka Chatsopano nkhani inali itafika kugombe, ndipo asodzi akuikamba akusoka maukonde. Akuti a Bonface agwidwa ndi kaliwondewonde, Edzi imene ikunenedwa pa wailesi ija. Choipitsitsa nchakuti akuti mwaitenga kwa akazi anu, ati akazi othawa nkhondo anadutsa m'manja mwa asilikali ndipo palibe akudziwa zimene anabwera nazo.

Amayi anawaitana alamu nkuwafunsa ngati akudziwa chimene chikukudyani. Iwo anagwada, maso pansi, nkunena kuti, "Funsani eni ake, amayi. Ine sindinganene." Amayi anafunsanso kachiwiri, yankho lomwelo. Ndiye mukuganiza kuti amayi amva chiyani pamenepo? Akuti munthu wosalakwa sayankha choncho.

Lembani msanga. Pakhomo pano sipali bwino.

Elina


Limbe,
17 Januwale 1991

Elina mlongo wanga,

Moni. Kalata yako yandikhumudwitsa, komabe ndikuyankha. Iyi ndi yako wekha, usawerengere munthu.

Edzi ndilibe. Dokotala anandiyeza ndipo magazi anga pa nkhani imeneyo ndi oyera. Vuto langa ndi lina. Mu Seputembala ndinagwa pamasitepe a kuntchito, chifuwa chitandithina ngati wina wachikhalira. Abwana ananditumiza kwa dokotala wawo. Atandiyeza anati m'magazi mwanga mwachuluka mafuta, iwo amati kolesitero. Akuti mafutawo amamatirira m'mitsempha monga amaumira mafuta a ng'ombe m'mbale ikazizira, ndipo tsiku lina magazi angasowe podutsa, mtima nkuima. Anandifunsa zimene ndimadya. Nditatchula kanyenya wa madzulo aliwonse, tchipisi, mazira okazinga, majarini ndi mandasi a m'mawa, anavula magalasi nkundiyang'ana.

Anandiletsa zonsezo. Tsopano ndimadya nyemba, masamba, nsomba yowiritsa ndi phala la otsi, ndipo kuntchito ndimapita wapansi. Kuonda ukukuonaku nkumeneko. Makapisozi aja ndimagula kufamase. Muli mafuta a nsomba za m'nyanja yamchere, ndipo akuti mafuta amenewo amathandiza kutsitsa ena mwa mafuta a m'magazi. Palinso timapiritsi ta adyo timene mnzanga wa kuntchito anandiuza, ngakhale dokotala anangogwedeza mapewa nditamufunsa za ito. Iye ananenetsa kuti makapisozi pawokha sachiza, amangothandizira munthu amene wasintha kadyedwe.

Ukufunsa chifukwa chimene ndinabisira. Elina, ndikananena bwanji? A Nelson anakhala moyang'anana nane pamphasa, nthiti zikuwerengeka pansi pa malaya, akusimba za ana amene akuikidwa m'manda kumsasa chifukwa cha njala. Ndiye ine nditsegule pakamwa kuti pepani, ine ndikudwala kukhuta? Komanso mwana wa msodzi, wobadwira pa Malindi, kumagula mafuta a nsomba a m'botolo ochokera kunja! Anyamata a kugombe angandiseke mpaka tsiku la maliro anga. Nanga amayi, amene mimba yanga inali ulemu wawo pamudzi?

Mayi a Mayankho ndinawauza zonse tsiku lomwe ndinafika, ndipo ndinawalumbiritsa kuti asauze munthu. Asiyeni, sanalakwe kanthu. Amayi ungowauza kuti ndi kuthamanga kwa magazi ndipo ndikulandira chithandizo. Zonena za anthu zimatha zokha, mwezi wamawa adzakhala akukamba za wina.

Mchimwene wako,
Bonface


Malindi,
4 Febuluwale 1991

Achimwene,

Moni, ngati moni mukuufunabe. Ndadikira yankho la kalata yanga ija koma kuli zii. Kukhala chete kwanuku amayi akutenga ngati kuvomera, ndipo inenso ndayamba kutero.

Alamu achoka.

Zinayamba ndi kapu. Amayi anawapatulira kapu yawoyawo ndi mbale, nkumaziika pawindo. Kenaka amalonda a ku Mangochi anakana usipa wathu, ati wagwiridwa ndi manja a wodwala, chonsecho munthuyo ngwamphamvu kuposa ine. Kuchitsime azimayi akawaona ankasuntha ndowa zawo. Lamulungu lapitalo kutchalitchi benchi yonse inali yawoyawo ndi Mayankho, anthu atapanikizana kumbuyo ngati m'basi.

Amayi anatumiza uthenga kwa a Nelson. Atabwera anawauza kuti, "Tengani mwana wanu. Wanga akutha, sindingamadye ndi amene wamupha." Mukudziwa kuti alamu anabwera pachitengwa chifukwa kwawo kunapsa ndi nkhondo. Akanakhala mwana wa pano, ankhoswe akanakhala pansi nkhani nkuikamba. Koma iwo wowayankhulira ndani? A Nelson anangovula chipewa nkumachitembenuza m'manja. Anawafunsa alamu m'chinenero chawo, alamuwo nkupukusa mutu.

Loweruka alamu anagwada pakhomo kutsanzika amayi, amayi osatuluka. Mayankho anali kumsana, akulira kuti atenge bakha. Ine ndinawanyamulira kamtolo kawo mpaka kumsewu kokakwera matola. Pobwera ndinasamba m'manja ndi sopo munabweretsa uja.

Ngati muli ndi mawu, nenani. Ngati mukufa, bwerani mudzafere kwanu.

Elina


Malindi,
16 Febuluwale 1991

Achimwene a Bonface,

Kalata yanu ya pa 17 Januwale yafika dzulo. Akuti mvula inadula msewu ndipo matumba a makalata anakhalira panjira. Envelopu inali yonyowa ngodya imodzi koma mawu onse akuwerengeka, mwatsoka langa.

Ndinaiwerengera panja pa positi pomwepo. Munati ndisawerengere munthu. Pepani, zimenezo ndakana. Kusunga zinsinsi zanu kwatipweteka kale. Ndinafika kunyumba nkuwawerengera amayi yonse, kuyambira moni mpaka dzina lanu.

Amayi anafunsa kuti, "Akuti akudwala chiyani?" Ndinati mafuta achuluka m'magazi chifukwa cha kudya. Anati, "Kudya?" Ndinati eya. Anati, "Ndiye mankhwala ake mafutanso? A nsomba?" Ndinati eya, a m'botolo. Kenaka anafunsa chimene ndinkaopa: "Mtsikana uja ankadziwa?" Nditawawerengeranso pamene munalemba kuti munawalumbiritsa, anadzuka nkupita kukakhala kukhola la mbuzi. Mpaka lero sanadye.

Ine ndikuyenda chowerama, achimwene. Nkhaniyi inatuluka pakamwa panga. Munthu amene ankandichapira zovala ine nditadwala malungo, ine ndinakasamba m'manja nditagwira kamtolo kake. Ndikakumbukira thupi lonse limandinyerenyetsa ndi manyazi. Koma nanunso musadzione ngati oyera. Munaopa kusekedwa ndi anyamata a kugombe, ndiye munamusenzetsa mkazi wopanda mbale katundu wanu, inu nkukwera basi.

Lero m'mawa ndinapita kwa Keti ndi kalatayo kuti aone yekha. Anaiwerenga, nkundibwezera akumwetulira. Ati, "Amatero onse, Elina. Wina amati chifuwa, wina amati anamulodza. Koma iyi ya mafuta njatsopano." Ndinayesa kwa azimayi a kuchitsime, anangoyang'anana. Akuti ndikuteteza mlongo wanga. Bodza ndinalinyamula ndekha ndi dzanja limodzi, koma zoona zikundikanika.

Alembereni akazi anu kudzera kwa a Nelson. Musachedwe ngati muja munachitira.

Elina


Limbe,
27 Febuluwale 1991

Okondedwa mayi a Mayankho,
(kudzera kwa amalume a Nelson)

Moni. Ndikhulupirira inu ndi mwana muli bwino. Ndamva zonse zimene zinachitika ndipo zandimvetsa chisoni kwambiri. Kunali kusamvetsetsana chabe. Amayi tsopano akudziwa zoona ndipo sakukusungirani chakukhosi.

Nkhani yabwino ndi yakuti sabata yatha ndinakayezetsanso. Dokotala wati mafuta a m'magazi atsika ndithu, ndipitirize kadyedwe kameneka ndi makapisozi aja. Masitepe ndikukwera osapuma.

Ndamuuza Elina kuti abwere adzakutengeni mwakachetechete pakati pa sabata, anthu ali kunyanja ndi kuminda. Mukangokhala masiku angapo pakhomo nkhaniyi izizira yokha. Ndatumiza kandalama ka ulendo ndi kadiresi ka Mayankho.

Ndine mwamuna wanu,
Bonface


Kumsasa, kufupi ndi Chiponde,
13 Malichi 1991

Bambo a Mayankho,

Akulemba ndi amalume a Nelson, koma mawu ndi anga, ine Joaquina. Ndawauza kuti asakonze, alembe mmene ndikunenera.

Moni. Mwana ali bwino, diresi lamukwana. Ine ndili moyo. Ndamva kuti mafuta anu atsika. Ndathokoza Mulungu, chifukwa ndinkaopa kuti mtima wanu uima monga ananenera dokotala. Pitirizani kumwa mankhwala anu.

Mwalemba kuti amayi sakundisungira chakukhosi. Amalume awerenga pamenepo kawiri chifukwa ndimayesa sindinamve bwino. Ine ndinawalakwira chiyani choti andikhululukire?

Munandiuza kuti ndisanene, ndipo sindinanene. Amayi anandifunsa ndili chogwada, sindinanene. Anandipatulira kapu, sindinanene. Amalume anandifunsa pamaso pa anthu, m'chinenero cha mayi anga, sindinanene. Ndinkati mwamuna wanga alemba mawa, adzanena yekha. Kwathu ndinathawa moto ndi mfuti, koma palibe anandithawapo ine. Ku Malindi ndi kumene ndinaona anthu akusuntha pabenchi chifukwa cha ine.

Musaganize kuti nkhaniyo inatsala kumeneko. Inakwera matola omwewo. Kuno pamzere wolandira ufa ndi nyemba azimayi amasiya mpata kutsogolo kwanga ndi kumbuyo kwanga. Ana awo sasewera ndi Mayankho. Iye sadziwa chifukwa chake, amangowathamangira.

Inu manyazi anu anali akuti munadya kwambiri. Ine andipatsa manyazi a asilikali, amene sanandikhudze nkomwe, ndipo ngakhale akanandikhudza, mlandu sukanakhala wanga. Ndiye mukuti ndibwere pakati pa sabata anthu ali kunyanja, ndilowe ngati wakuba nkhuku? Ayi, bambo. Elina asavutike ndi ulendo.

Ngati mukufuna mkazi ndi mwana, pitani ku Malindi tsiku limene tchalitchi chadzaza. Muimirire, botolo lanu lili m'manja, munene ndi pakamwa panu chimene mukudwala ndi chimene munandiuza kuti ndibise. Akaseka, asekedi. Musandilembere kuti mwachita. Nkhani yoipa ija inafika kuno yopanda sitampa, imeneyinso ndidzaimva.

Ndine,
Joaquina


Malindi,
2 Epulo 1991

Okondedwa alamu,

Moni kwa inu, kwa Mayankho ndi kwa amalume a Nelson. Ndikudziwa kuti munati musalemberedwe, ndipo mwina nkhaniyi yafika kale. Komabe ndiloleni ndilembe, chifukwa pakamwa pangapa panawononga ndipo ndikufuna dzanja likonzeko pang'ono.

Achimwene anafika Loweruka. Lamulungu la Pasaka tchalitchi chinadzaza mpaka ena anaima m'mawindo. Itafika nthawi ya zolengeza, abambo ansembe anafunsa ngati pali mlendo woti apereke moni. Achimwene sanadzuke. Ndinaona thukuta likutsika m'khosi mwawo, ndipo ndinati basi, munthu uyu abwerera ku Limbe ndi botolo lake m'thumba. Abambo atatsegula kale buku la nyimbo ndi pamene anaimirira.

Anatulutsa botolo nkulikweza. Anati, "Abale anga, ine Edzi ndilibe. Ndikudwala chifukwa chodya kwambiri. Mafuta anachuluka m'magazi mwanga, ndipo awa ndi mafuta a nsomba amene ndimagula kuti andithandize."

Kenaka mkulu wina wa kugombe anafunsa mokweza kuti, "Nsomba zake ziti, mwana wanga? Za kuno zatha?" Tchalitchi chonse chinaphulika. Anaseka, alamu, mpaka ena kugwira m'mimba, a kwaya kubisa nkhope m'mabuku. Zimene ankaopa zija zinawapeza zonse, pa Pasaka, atavala suti yowakhuthukira. Ine ndinafuna pansi patseguke.

Koma sanakhale pansi. Anaima pomwepo botolo lili m'mwamba mpaka kuseka kunatha kokha. Ndiye anati, "Mkazi wanga Joaquina ankadziwa zonsezi. Ndinamuletsa kunena chifukwa ndinkaopa kuseka kumene mwasekaku. Anasunga mawu anga, ndipo inu ndi ine tamuthamangitsa ndi mwana kumsana." Apo palibe anasekanso. Keti anali pafupi nane, anangoti maso pa simenti.

Nanenso ndinaimirira nkunena kuti woyambitsa nkhaniyo ndine. Mawu ananditulukira ochepa, koma anamveka. Sindikunamizani kuti onse akhulupirira. Potuluka ndinamva wina akunong'ona kuti tiona chaka chamawa ngati adzakhale moyo. Koma ambiri anadutsa pakhomo madzulo ake kudzafunsa za inu, ndipo ankakutchulani dzina.

Amayi sanayankhule kutchalitchi. Titafika kunyumba anandiuza kuti ndikulembereni izi, ndipo ndikulemba mmene ananenera. Lachisanu akwera matola kubwera kumeneko, okha, ndi bondo lawo lomwelo. Akana kuti achimwene kapena ine tiwaperekeze. Akuti sakubwera kudzakutengani, chifukwa pakamwa pamene pananena kuti tengani mwana wanu sipangathenso kunena kuti tiyeni. Akubwera kudzakhala pansi pakhomo panu, pamene anthu a pamzere wa ufa angawaone bwino, ndipo sadzukapo mpaka inu mutawayankhula.

Ndine mlamu wanu,
Elina